Zolemba za pulojekiti: kusamutsa sikirini ya maoda kupita ku SPA

Sabata 1

Ndayamba kulemba izi chifukwa zomwe timagwirizana Lolemba pofika Lachinayi aliyense amakhala akuzikumbukira mwakemwake, nde bola zikhale penapake. Pulogalamu yomwe tikukonza ndi yamkati mwa kampani, ya maoda, sitoko ndi mainvoisi, yakale ndithu, yolembedwa mwa njira ija yoti ukangodina kalikonse seva imamanga tsamba lonse n'kulitumizanso lonse. Ukawonjezera mzere umodzi pa oda sikirini imayera kaye, tsamba limabwerera, ndipo wapezeka uli pamwamba pomwe unayambira. Kwa munthu wolowamo kawiri patsiku palibe chodandaula. Koma pali anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Lachiwiri ndinakhala pambali pa mayi ena amene amalowetsa maoda, maola awiri, ndikungoyang'ana. Foni aipanikiza paphewa, dzanja lamanzere lili pa Tab, lamanja pa manambala, mawusi sakuigwira n'komwe. Pambali pa kiyibodi pali kapepala komwe amalembapo nambala ya mzere womwe afika, chifukwa oda ikapitirira mizere 20 tsamba likabwerera amasochera, ndipo kasitomala ali pa foni akudikira. Nditawafunsa chomwe angafune chisinthe anandiyankha kuti, "Achimwene, ine zokongola sindikuzifuna ayi, ndikungofuna tsambali lisamandithawe m'manja ndili mkati molemba." Mawu amenewa ndawalemba pamwamba pa bolodi yathu, ndi amene tikhale tikuyezera ntchito yonseyi.

Kwa amene akuwerenga koma sali mu timu: SPA ndi pulogalamu ya pa intaneti yomwe browser imatsitsa tsamba limodzi lokha la HTML, lopanda zambiri mkati, pamodzi ndi JavaScript, kenako JavaScript yo ndi imene imajambula chilichonse. Ukadina, tsamba silichoka, browser imangopempha deta yokhayo ku seva, nthawi zambiri mu JSON, n'kusintha kachigawo komwe kakufunika kusintha basi.

Abwana anafunsa ngati izi si fashoni chabe yomwe ipite chaka chamawa. Funso labwino, ndipo ndinawauza kuti maziko ake ndi akale kuposa mmene ambiri amaganizira. Njira yoti browser ipemphe deta mwakachetechete, XMLHttpRequest, inachokera ku Microsoft, anaipangira Outlook ya pa intaneti ndipo inalowa mu Internet Explorer 5 mu 1999. Gmail inatuluka mu 2004, Google Maps mu 2005, ndipo mu February chaka chomwecho Jesse James Garrett anapereka dzina loti Ajax pa kachitidwe kameneka. Chimene chimasinthasintha ndi zida zomangira, ganizolo palokha lakhazikika n'kale.

Sabata 2

Sabata yonse yathera pa kusankha framework, chida chachikulu chomwe timangirepo SPA yathu, ndipo ndikuona kuti masiku awiri akanakwana. Mnzathu wa backend, amene amalemba code ya ku seva, ali ndi bala lakale: komwe ankagwira kale anamanga zonse pa AngularJS, ya Google ija yomwe inatuluka mu 2010, kenako mu 2016 kunabwera Angular 2 yomwe inali chinthu china chatsopano, yosalowana ndi yakaleyo, ndipo kumapeto kwa December 2021 AngularJS anasiya kuisamalira. Nde iye mantha ake ndi omveka, safuna kumanganso nyumba pamalo pomwe eni ake adzasamuka. Tinayang'ana React, yomwe Facebook inatsegulira aliyense mu 2013, ndi Vue ya Evan You ya 2014, komanso Angular yatsopanoyo. Zonse zitatu zingagwire ntchito yathuyi bwinobwino, sindikunama. Tatenga React chifukwa chimodzi chokha, mwa anthu anayife awiri anaigwiritsapo kale ntchito pa zinthu zenizeni. Taonjezera TypeScript, yomwe ndi JavaScript yoyang'ana mitundu ya deta code isanayende, ndipo pomanga tikugwiritsa Vite, osati Create React App yomwe eni ake analengeza mu February 2025 kuti asaiyambire nayonso mapulojekiti atsopano.

Chigamulo chachikulu cha sabata ino si framework koma ichi: sitikulembanso pulogalamu yonse. Ndinalimbikira zedi pamenepa. Martin Fowler analemba mu 2004 za njira yomwe anaifanizira ndi mtengo wonga kachere, uja umamera pamtengo unzake n'kumauzinga pang'onopang'ono mpaka wakalewo kutha. Ife tichita chimodzimodzi, yatsopano imera pa adiresi imodzi yokha, /maoda, zina zonse zipitirire kupita ku yakale, ndipo munthu azidutsa pakati pa ziwirizi osalowetsanso password. Zikakanika tingobweza adiresiyo kumene inali, ntchito ya anthu osaima.

Ndinakumbutsanso anzanga za Twitter, yomwe mu 2010 inasamutsira zonse ku browser ndi maadiresi aja okhala ndi #!, kenako mu 2012 inabwezeranso kumanga masamba ku seva chifukwa tsamba loyamba linkachedwa kuoneka. Ngati kampani ya anthu ochuluka chonchija inabwerera m'mbuyo, ife anayi tisadzione ngati ochenjera kuposa iwo.

Sabata 3 ndi 4

Sindinalembe sabata yatha chifukwa tinali titamira mu API, khomo lomwe browser imapemphera deta ku seva. Pa pulani tinaipatsa masiku 5, yatenga masiku 10 ndipo sinathe.

Vuto lake ndi loti pulogalamu yakale ilibe API n'komwe. Malamulo a bizinesi ali mkati mwa masamba momwemo, osakanikirana ndi HTML, moti kuwerengera discount kuli pakati pa code yojambula tebulo. Kuti SPA ipeze deta yoyera tikuyenera kusolola lamulo lililonse limodzilimodzi n'kuliika pamalo pake. Posolola muja tinapeza lamulo lomwe palibe aliyense mu timu ankalidziwa, loti kasitomala wa gulu linalake akagula zopitirira mlingo wakutiwakuti msonkho umawerengeredwa pa mzere uliwonse osati pa oda yonse. Palibe pomwe linalembedwa, amene analiika anachoka kalekale. Tinapita ku akaunti kukafunsa ndipo bambo amene amayang'anira kumeneko anangoti, "Ee, ndi choncho kumene, mukachisintha chimenecho mabuku sagwirizana." Chikhala kuti tinalemba zatsopano kuchokera m'mutu bwenzi titachiphonya, ndipo tikanadzadziwa kumapeto kwa mwezi mainvoisi atapita kale kwa anthu.

Pa ndalama tagwirizana kuti browser siwerengera chilichonse chomaliza. JavaScript ukaiuza 0.1 + 0.2 imakupatsa 0.30000000000000004, chifukwa manambala ake ndi a floating point, ndipo pa oda ya mizere yambiri tizidutswa timeneti timadzaonekera ndithu. Nde ndalama zikuyenda ngati manambala athunthu a kagawo kakang'ono kwambiri ka ndalamayo, browser ikhoza kuonetsa chiwerengero chongoyembekezera munthu akulemba, koma chenicheni chimachokera ku seva ndipo chimenecho ndi chimene chimapita pa invoisi.

Madeti nawo anatipatsa ntchito. Mtsikana amene amatesta anasintha time zone ya kompyuta yake dala kuika ya New York, ndipo oda yakale yoti iperekedwe pa 1 March 2024 inaoneka kuti ndi ya 29 February. Chifukwa chake, ukalemba new Date("2024-03-01") JavaScript imatenga ngati pakati pausiku pa nthawi ya UTC, kenako poonetsa imasinthira ku nthawi ya kompyutayo, nde kwa amene ali kumadzulo kwa Greenwich tsiku limabwerera m'mbuyo. Mu yakale izi sizikanachitika chifukwa seva imodzi yokha ndi imene inkalemba deti. Pano deti lopanda nthawi tikulisunga ngati mawu basi, sitikulidutsitsa mu Date.

API tailemba mu OpenAPI ndipo matype a TypeScript akuchokera momwemo, moti wa backend akasintha dzina la field, mbali ya frontend, ya ku browser ija, imakana kumanga nthawi yomweyo. Ichi chokha chatipulumutsa katatu kale.

Sabata 5

Demo yoyamba. Mzere ukulowa popanda sikirini kuphethira, kusaka katundu kukubwera ukulemba, anthu anakondwa, abwana anafunsa ngati tingatsegulire onse Lolemba. Ndinakana, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo nyererezo zinatuluka tsiku lomwelo masana.

Yoyamba, kupanga refresh pa /maoda/4512 kunkabweretsa 404, yankho la seva loti tsambalo kulibe. Mu SPA adiresi imasinthidwa ndi JavaScript kudzera mu History API, pushState ija, seva siidziwa kuti kuli tsamba lotero. Nde ukapanga refresh browser imakafunsa seva adiresi yomwe kulibeko. Mankhwala ake ndi odziwika, seva izibweza index.html pa adiresi iliyonse ya pansi pa /maoda. Tinatero, koma lamulolo tinalilemba motakata kwambiri mpaka linagwiranso maadiresi a API olakwika, moti pomwe timayembekezera JSON kunkabwera HTML ndi 200 ngati zonse zili bwino, ndipo mu console munkangotuluka Unexpected token '<'. Chizindikiro chimenecho ndi chilembo choyamba cha tsamba la HTML. Tinakanda mutu ola lathunthu tisanazindikire.

Yachiwiri ndi batani la Back. Munthu wasefa maoda a kasitomala mmodzi, watsegula imodzi, wadina Back, ndipo zosefa zonse zapita, mndandanda wayambiranso pamwamba. Zinthu izi browser inkatichitira yokha kwaulere zaka zonsezi ndipo sitinkazithokoza, pano tikuzimanga ndi manja. Zosefa taziika mu adiresi momwemo, nde Back ikugwira, komanso munthu akhoza kukopera link n'kutumizira mnzake n'kuona zofanana.

Sabata 6

Za kulowa ndi chitetezo. Maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsa kusunga token, chiphaso chosonyeza kuti munthu walowa, mu localStorage, kankhokwe ka mu browser, ndipo mnyamata wathu watsopano anatsatira zomwezo, sindikumudzudzula. Koma chilichonse chili mu localStorage JavaScript iliyonse yomwe ikuyenda patsambapo ikhoza kuchiwerenga, ndipo SPA imakoka mapackage ambirimbiri olembedwa ndi anthu osawadziwa, imodzi yokha ikaipa kapena pakapezeka kabowo ka XSS, kolowetsera JavaScript ya wakuba patsamba lathu, token yapita. Popeza SPA yathu ndi API zili pa domain imodzi, tangokhala pa cookie ya session yomwe yakale ikugwiritsa kale, yokhala ndi HttpOnly, Secure ndi SameSite, kuphatikizapo token ya CSRF, yoteteza kuti tsamba lina lisatumize pempho m'dzina la munthu, pa zopempha zosintha deta. Ubwino wina, kudutsa pakati pa yakale ndi yatsopano kukungochitika kokha, ndipo za CORS, malamulo a browser pa zopempha zopita ku domain ina, sizikutikhudza.

Ndinapezanso kuti batani lochotsa oda linkabisidwa kwa amene alibe chilolezo, koma API yake inkavomera aliyense amene walowa. Kubisa batani si kutseka chitseko, munthu aliyense wodziwa kutsegula DevTools akhoza kutumiza pempho lomwelo ndi manja. Takonza, ndipo taika lamulo loti endpoint iliyonse, kutanthauza adiresi iliyonse ya API, ikhale ndi test yoyesa munthu wopanda chilolezo isanalowe mu main, code yaikulu ya tonse.

Sabata 7

Tatsegulira anthu atatu, mayi aja ali m'gulumo. Sabata imeneyi ndi imene yandiphunzitsa kwambiri kuposa zonse zapitazi nde ndilemba motalikirapo.

Zovuta zonse zomwe zatuluka, ndikaziyang'ana bwino, gwero lake ndi limodzi. Mu yakale tsamba linkakhala ndi moyo wa masekondi kapena mphindi zochepa, ukadina limafa, latsopano limabadwa ndi deta yatsopano, code yatsopano, memory yoyera. Kuyera kwa sikirini komwe tinkadana nako kuja kunalinso kutsuka, ndipo kunkabisa zolakwa zambiri zomwe sitinkadziwa kuti tili nazo. Pano tab imodzi imatsegulidwa m'mawa n'kukhala mpaka madzulo, ena saitseka n'komwe sabata yonse, ndipo chilichonse chomwe inatenga m'mawa imachigwirabe ngati choona. Ife pomanga tinkapanga refresh mphindi iliyonse nde sitikanaziona.

Lolemba: sitoko. Sikirini inkaonetsa kuti katundu wina alipo 40, munthu analonjeza kasitomala pa foni, posunga seva inakana chifukwa 40 yo inali ya m'ma 8 koloko ndipo anzake anali atagulitsa kale. Seva inachita bwino kukana, koma lonjezo linali litaperekedwa kale, ndipo amene anachita manyazi pa foni si ife. Pano nambala ya sitoko imafunsidwanso nthawi iliyonse mzere ukamawonjezedwa komanso munthu akabwerera pa tab kuchokera kwina.

Lachiwiri: oda imodzi inalowa kawiri. Netiweki inachedwa, batani silinaonetse kanthu, munthu anadinanso. Kale browser inkaonetsa yokha kuti ikuzungulira, pano ngati sitinajambule chizindikiro palibe chooneka. Kutseka batani likadinidwa ndi theka chabe la mankhwala, chifukwa pempho likhoza kufika ku seva koma yankho n'kutayika m'njira, ndiye munthu akayesanso zalowa kawiri. Nde oda iliyonse yatsopano ikupatsidwa nambala yakeyake ku browser fomu ikangotsegulidwa, idempotency key, ndipo seva ikaona nambala yomweyo kachiwiri imangobweza yankho loyamba lija osalemba china.

Lachitatu: anthu awiri anatsegula oda imodzi, wina anasintha adiresi yoperekera, wina patapita ola anasintha kuchuluka kwa katundu n'kusunga, ndipo adiresi yakale inabwerera mwakachetechete popanda wodziwa. Vutoli mu yakale linaliponso koma mpata wake unali waung'ono, pano wakula chifukwa fomu imakhala yotsegula nthawi yaitali. Tagwiritsa zomwe HTTP ili nazo kale, ETag potenga ndi If-Match posunga, zikasiyana seva imabweza 412 ndipo sikirini imauza munthu kuti wina wasintha oda iyi, nazi zomwe zasintha. Chovuta sichinali code koma mawu oti tilembe pa uthengawo kuti munthu asachite mantha n'kutseka zonse.

Lachinayi ndi limene linandipweteka mtima. Tinapanga deploy masana, kutanthauza kuika code yatsopano pa seva, kukonza kanthu kakang'ono. Mafayilo a JavaScript amakhala ndi hash m'dzina, tizilembo tomwe timasintha fayilo ikasintha, deploy yatsopano inabweretsa mayina atsopano n'kufufuta akale. Mayi aja tab yawo inali ya m'mawa, ikudziwa mayina akale okha, nde atadina kuti aone invoisi browser inakapempha fayilo yomwe kulibenso, sikirini inangoyera yonse, ndipo oda ya mizere 26 yomwe anali asanasunge inapita. Anabwera okha pa desiki yanga, sanakalipe, anangoti, "Achimwene, paja munati silizindithawanso." Ndinalibe choyankha kupatula kupepesa, ndipo ndinakhala nawo mpaka anailowetsanso yonse kuchokera pa zomwe kasitomala anawawerengeranso pa foni.

Usiku womwewo tinakonza zinthu zinayi. Mafayilo akale sakufufutidwanso pa deploy, akukhala masiku angapo. index.html siikusungidwa mu cache, pomwe mafayilo a hash akusungidwa nthawi yaitali popeza sasintha. Pulogalamu ikumafunsa seva mwa apo ndi apo ngati kwatuluka version yatsopano n'kuonetsa kauthenga pansi, koma siipanga refresh yokha munthu ali mkati mwa oda, imadikira asunge kaye. Ndipo oda yosamaliza ikusungidwa mu browser mzere uliwonse ukalowa, moti ngakhale magetsi a kompyuta atazima, potsegulanso imafunsa ngati ukufuna kupitiriza pomwe unalekera. Chomalizachi chinathetsanso vuto lina lomwe linkatidikira, la session kutha munthu ali pakati polemba, pano 401, yankho la seva loti munthu alowenso, ikabwera kabokosi kolowera kamatseguka pamwamba pa fomu ndipo zolembedwa zimakhala pomwepo.

Apa pali phunziro lina kwa wa backend, API singasinthe mwadzidzidzi ngati kale, chifukwa nthawi iliyonse kunjako kuli matab omwe akuyendetsa code ya dzulo. Kuchotsa field pano ndi masitepe awiri, kuyamba wasiya kuigwiritsa ku frontend, kudikira, kenako n'kuichotsa.

Lachisanu: anthu awiri anati ikafika 3 koloko kompyuta imalemera. Tinatenga heap snapshot mu Chrome m'mawa ndi ina masana, memory inali itakwera kwambiri. Tinapeza setInterval, kawotchi kobwereza ntchito pakapita kanthawi, mu useEffect ya React yopanda chokaimitsa oda ikatsekedwa, nde oda iliyonse yotsegulidwa inkasiya kawotchi kake kakuyendabe kumbuyo, pofika masana tilipo mazana tikufunsa seva tonse. Mzere umodzi wa code. Mu yakale kachilema kotere kakanafa ndi tsamba lake osadziwika.

Sabata 8

Kulemera kwa kutsegula koyamba. Pa makompyuta athu a madeveloper zonse zimauluka, koma pa kompyuta yakale ya ku nyumba yosungira katundu munthu ankayang'ana sikirini yoyera masekondi angapo m'mawa uliwonse. JavaScript si nkhani yongotsitsa, browser imayenera kuiwerenga n'kuiyendetsa isanajambule kalikonse, ndipo purosesa yofooka imamva kuwawa pamenepo. Titayang'ana zomwe zili mu bundle, mtolo wa JavaScript womwe browser imatsitsa, tinapeza Moment.js, library ya madeti, ndi zilankhulo zake zonse, yomwe eni ake ananena okha mu 2020 kuti sakuikulitsanso ndipo anthu aziyang'ana zina, komanso library yathunthu ya machart yomwe imafunika pa sikirini imodzi yokha. Moment tachotsa, tikugwiritsa Intl ya mu browser momwemo, machart akubwera pokhapokha munthu akatsegula sikirini yake. Bundle yoyamba yatsika kupitirira theka.

Poyezera tabwereka miyezo ya Google ya Core Web Vitals ngakhale pulogalamu yathu ndi yamkati ndipo za kusakidwa pa Google sizitikhudza: chachikulu cha patsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5, ndipo kuyankha munthu akadina kapena kulemba kusapitirire mamilisekondi 200, muyezo wa INP womwe unalowa m'malo mwa FID mu March 2024. Kwa ife wachiwiriwu ndi umene uli ndi ntchito kwambiri, kutsegula ndi kamodzi patsiku koma kudina ndi kambirimbiri. Kompyuta yakale ija taibwereka, ili pa desiki yathu, chilichonse chiziyesedwa pamenepo chisanatuluke.

Sabata 9

Ndinabwereranso kukakhala pambali pa mayi aja ndipo ndinaona akugwira mawusi, chinthu chomwe sabata yoyamba sankachita. Nditafunsa anati akachotsa mzere pakati pa oda cursor imasowa, nde amayenera kudina kuti abwerere. Sanadandaule kwa aliyense, anangozolowera, ndipo izi ndi zimene zimandiopsa kwambiri chifukwa vuto lotere silifika pa tiketi. Mizere tinkaipatsa key potengera malo ake pa mndandanda, nde umodzi ukachoka React inkasokoneza kuti bokosi ili ndi la mzere uti, komanso sitinauze focus koti ipite mzere womwe inalipo ukachotsedwa. Pano mzere uliwonse uli ndi id yake, ukachotsa cursor imagwera pa mzere wotsatira, Enter pa bokosi lomaliza imatsegula mzere watsopano. Ndinawapempha ayese oda yonse osagwira mawusi, inatheka, ndipo kapepala kaja sindinakaonenso pa desiki.

Mnyamata wina wa ku malonda anadandaula kuti Ctrl ndi kudina sikukutsegulanso oda mu tab ina. Zoona, tinali titagwiritsa div yokhala ndi onClick m'malo mwa link yeniyeni. Tabwezera ma link enieni paliponse pomwe kudina kumapititsa munthu kwina. Pomwepo tinakonzanso mutu wa tab kuti uzisintha ndi sikirini, ndi aria-live pa mauthenga, chifukwa kwa munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera sikirini, tsamba likasintha popanda kulodanso palibe chimamuuza kuti chasintha ngati ife sitinachikonze.

Zolakwa za ku browser sizifika mu malog a seva, Lachinayi lija ndinadziwa chifukwa munthu anayenda kubwera kudzandiuza. Taika chotumiza error iliyonse ya ku browser kwa ife pamodzi ndi version ndi sikirini yomwe yachitikira, tikusamala kuti mayina ndi manambala a makasitomala asapite nawo. Matest a Playwright, chida choyendetsa browser chokha ngati munthu, alipo 14 pano, amodzi mwa iwo amatsegula oda, amapanga deploy yabodza pakati, n'kuona ngati mizere ikadalipo.

Sabata 10

Tatsegulira onse olowetsa maoda Lolemba, link yobwerera ku yakale taisiya pakona kwa mwezi umodzi ndipo tikuwerenga amene akuidina. Pofika lero aidina awiri, onse pofuna kusindikiza, nde kusindikiza ndiye kukufunika ntchito.

Lachitatu kunali miting'i ya zotsatira ndipo abwana, atamva kuti anthu akondwa, anafunsa kuti tisamutsa liti zotsala zonse. Ndinawauza maganizo anga mosabisa, kuti zambiri zisasamuke. Malipoti a kumapeto kwa mwezi munthu amatsegula, amawerenga, amasindikiza, watseka, seva ikumanga bwinobwino ndipo SPA singawonjezerepo kanthu kupatula ntchito yosamalira. Masamba a admin amalowamo anthu awiri kamodzi pa sabata. Ndinawawerengera zomwe sikirini imodzi yokhayi yatibweretsera: zinthu ziwiri zopanga deploy m'malo mwa chimodzi, malamulo oyang'ana fomu olembedwa kawiri ku browser ndi ku seva, mapackage a npm oti tiziwatsatira mwezi ndi mwezi, API yoti izilemekeza code ya dzulo. Pa sikirini ya maoda mtengo umenewu ndi woyenera kulipira chifukwa anthu amakhalamo tsiku lonse ndipo sekondi iliyonse imabwerezedwa kambirimbiri kasitomala ali pa foni. Pa tsamba lomwe munthu amaliona mphindi ziwiri sindikuona chifukwa. Wa backend anagwirizana nane, mnyamata watsopano uja ankafuna zonse zikhale React kuti code ifanane, ndipo mfundo yake si yopanda pake, kusamalira mitundu iwiri ya masamba kuli ndi kulemera kwake. Tagwirizana kuti sikirini yachiwiri ikhale yolandirira katundu ku nyumba yosungira, komwenso anthu amakhala pa fomu imodzi maola ambiri ndi scanner m'manja, ndipo tisanalembe mzere uliwonse wa code ndikakhala kumeneko masiku awiri kungoyang'ana ngati ndinachitira ku maoda.

Zotsala pa maoda sabata yamawa: kusindikiza kukudula tebulo pakati pa mzere oda ikapitirira tsamba limodzi, ndiyamba ndi CSS ya print ndisanaganize za PDF ya ku seva. Oda zosamaliza zosungidwa mu browser zikufunika kufufutidwa munthu akatuluka, chifukwa makompyuta ena amagwiritsa anthu awiri mosinthana ndipo wachiwiri asaone za woyamba. Scanner ya ku nyumba yosungira akuti imatumiza Enter ikamaliza kuwerenga barcode, ndiyenera kuibwereka Lolemba ndione ngati siikulimbana ndi Enter yathu yotsegula mzere watsopano.